Nyenyezi Inaphulika Ndili ku Ndamera

18 Febuluwale 1987
Kwathu ku Ndamera. Kutentha kwake ndinali nditakuiwala. Bambo aonda, miyendo yatupa. Pabwalo misasa ya abale othawa nkhondo ku Mozambiki. Mlongo wanga Magdalena wauza onse kuti ndine dokotala, ndiye m'mawa odwala mzere pakhomo. Ndiwauze bwanji kuti udokotala wanga ndi wa fizikisi? Kuti zaka zonsezi ku Amerika ndakhala pansi pa mgodi, pambali pa thanki yamadzi, kudikira nyutirino, tinthu tosaoneka todutsa m'thanthwe ngati palibe kanthu?

26 Febuluwale
Wailesi yati nyenyezi yaphulika chakum'mwera, yooneka ndi maso. Dzuwa litangolowa ndinaipeza, pamwamba pa mlambe wa kumalire. Bambo ndinawanyamulira panja. Iwo: "Kameneko? Unawolokera nyanja kameneko?"

12 Malichi
Wailesi yanenanso. Thanki yathu inagwira nyutirino za nyenyeziyo. Thanki yathu. Magalasi ake ogwira kuwala ndinamangirira ndi manja angawa. Sizinachitikepo n'kale lonse. Tsiku limene inazigwiralo ine ndinali kuno kuchigwa, kuchapa nsalu za bambo. Kukondwa kwandikanika, kudya kwandikanika.

15 Malichi
Titaweruka kutchalitchi, aphunzitsi a Goodwell anandipempha ndifotokozere anthu za nyenyeziyo. Ndinalankhula Chimang'anja, apo ndi apo Chisena. Ndinati nyenyezi ikakula kwambiri n'kukalamba imadzigwera yokha, ngakhale imene anthu ankaiyesa yamuyaya. Amayi ena anakoka ana awo n'kumapita. Aphunzitsi sananditsanzike. Ndinayesa ndi dzuwa lawatopetsa.

17 Malichi
Magdalena wabwera kuchokera kumsika, dengu lopanda kanthu. "Achimwene, wamuyaya m'dziko muno ndi mmodzi yekha, mtsogoleri. A chipani akuti mumanena iwowo."
Ine? Ndimanena nyenyezi.
Akuti ndiwoloke malire lero lomwe, ndipite kumene enawa akuthawako. Bambo satha n'kutembenuka komwe pamphasa popanda ine. Nkhope ili kukhoma, anangoti, "Hilario, pita."
Sindipita. Ndiwafotokozera bwinobwino, ndi nkhani ya sayansi, aliyense angathe kutuluka madzulo n'kudzionera.
Galimoto yaima kumsewu. Kuno sikufika galimoto nthawi ya mvula. Atsika amuna, akufunsa ana njira. Magdalena akuti ndidzere kumunda wa mapira, koma bambo akuitana madzi, ndiyambe nda