Uthenga wa Bambo Watseka Mzere

Lachiwiri, ku Chibavi.

Ndayambiranso ntchito lero, patatha sabata chiikireni bambo m'manda. Sindikumva kanthu, ngakhale njala.

Ku ofesi netiweki imachedwa chifukwa cha siwitchi yakale, kachipangizo kolumikiza makompyuta athu onse. Mapaketi onse a data amaima pamzere umodzi. Paketi yoyamba ikapeza potulukira pake pali potanganidwa, am'mbuyo amangodikira, ndipo malo osungira akadzaza, ena amatayidwa. Ndaika siwitchi yatsopano, yomwe potulukira paliponse pali ndi mzere wakewake. A Nyirenda, mnzanga wa kuntchito, andithokoza m'Chitumbuka, akuti, "Yewo chomene, achimwene, tsopano ikuthamanga!" Ndangogwedeza mutu.

Mufoni mwanga mwadzaza mauthenga achipepeso, sindinayankhe ndi umodzi womwe. Patsogolo pa onsewo pali uthenga wa mawu umene bambo ananditumizira ali kuchipatala. Sindinautsegule mpaka pano. Enawo adikire kaye.