Kuno Si ku Mangalande

Citywest, Dublin
18 Novembala 2024

Okondedwa Achemwali, Amake Joel,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu pamodzi ndi onse ku Bvumbwe. Ine kuno ndilipo, kungoti maondo akudana ndi chisanu, ndipo dzuwa limalowa ana asanavule yunifolomu.

Akundilembera ndi mwana wanga Scholastica. Mukudziwa kuti ine sukulu ndinangoinunkhiza, ndipo nkhani zikuluzikulu sindizikamba pafoni chifukwa mawu amauluka. Ndamuuza kuti alembe chilichonse chotuluka pakamwa panga, osachotsa, osakometsa. Wavomera ndi mutu wokha, popeza masiku ano sakundilankhula bwino. Chifukwa chake muchimva m'munsimu, ndipo muweruze nokha.

Munandifunsa za kadyedwe ka kuno. Achemwali, ine ndinaphikira bwana Ellard ku esiteti ya tiyi mpaka imvi zinamera, choncho chakudya cha azungu ndimachidziwa. Koma ichi china! M'mawa nyemba za shuga za m'chitini, kuzithira pa buledi. Pambali pake soseji wakuda amene ati ndi magazi a nkhumba. Masana mbatatesi, madzulo mbatatesi, kungoisintha dzina. Mowa wawo ndi wakuda bii, wathovu pamwamba, ndipo wogulitsa amathira theka n'kukusiya ukudikira ngati wabwera kudzapempha. Chondipweteka kwambiri ndi tiyi. Amamwa wa m'timatumba ta pepala. Ndinang'amba kamodzi kuti ndione. Ndi fumbi, Achemwali, longa lomwe tinkaliona likuseseka pansi kufakitale.

Ana akapita kusukulu ndimatsala ndekha ndi TV, ndipo ndimaonera nyumba ya malamulo ya ku London. Amuna akuluakulu a mataye kukuwizana ngati pamsika wa mbuzi. Anthu amenewa chaka china anakhala ndi nduna zazikulu zitatu, chaka chimodzi! Ife tikanachita zimenezo akanatitumizira akatswiri odzatiphunzitsa ulamuliro. Anatulukanso m'bungwe la anzawo a ku Ulaya mochita kumenyetsa chitseko, lero akusuzumira pawindo. Ndiye ndinkati Scholastica akaweruka ndimuuze kuti boma lanuli lasokonekera. Iye amvekere, “Adadi, limenelo si boma lathu. Kuno si ku Mangalande, kuno ndi ku Ireland.” Ine ndinkamuyankha kuti mwana iwe, amalankhula Chingelezi, galimoto amayendetsa kumanzere, tiyi amathira mkaka, mvula sikata. Ngati si Angelezi ndi ndani?

Tsopano nkhani yeniyeni ndi ya nyumba. Mwini fulati yomwe tikukhalayi akuigulitsa, ndipo watiuza kuti Khirisimasi ikangodutsa tituluke. Ndi kafulati kakang'ono, ine ndimagona pabedi pa mdzukulu wanga Jared, mwanayo pa sofa, mlongo wake Tisungane ndi amake. Komabe ndi denga. Scholastica amagwira ntchito yosamalira okalamba, amachoka kusanache, ndipo akapeza mpata amathamangira kukaona nyumba za lendi. Ndinamuperekeza kamodzi. Mzere wake unali ngati wogula chimanga chaka cha njala, anthu ovala bwino atanyamula mapepala, kulimbirana kachipinda konunkha chinyezi. Dziko lolemera chonchi, anthu ake kusowa pogona!

Ndiye Abambo Benedict, ansembe a kwathu konko amene ali ku parishi ina ku Drumcondra, anatipezera mwayi. Kuli mayi wina wamasiye, Mayi Nuala, ku Skerries, katauni ka m'mbali mwa nyanja. Mlongo wawo anamwalira n'kusiya nyumba, ndipo iwo ankafuna banja laulemu, osati kuiika pamsika. Anatiitana kuti akatione. Scholastica ankafuna kupita yekha, koma ine ndinakana. Nkhani ya nyumba ikambidwe popanda wamkulu? Ndinavala jekete langa la bulauni, ndipo popeza kwa munthu sitipita chimanjamanja, ndinatenga chitini chija bwana Ellard anandipatsa potsanzikana, chokhala ndi chithunzi cha Mfumukazi, chodzaza ndi tiyi weniweni wa ku Thyolo.

Anatilandira bwino. Nditakhala pansi ndinaimiriranso, ndinapereka chitinicho ndi manja awiri, n'kunena m'Chingelezi changa cha kukhitchini kuti inu Angelezi ndinu anthu abwino, ife tonse ndife ana a Mfumukazi. Scholastica anandiponda phazi. Mayiwo anangoti zikomo, n'kuika chitinicho pashelefu nkhope ya Mfumukazi italoza kukhoma. Ine ndinayesa kuti ndi ulemu wawo. Pakhomapo panali chithunzi chakale cha mnyamata wa chipewa atagwira mfuti. Ndinafunsa ngati anali msilikali wa Mfumu, ndipo ndinamuchitira saluti. Kenako mayiwo anati amenewo ndi agogo awo, ndipo asilikali a Mfumuwo ndi amene anawatsekera m'ndende. Tiyi sitinamalize. Anati adzatiimbira foni.

Musitima pobwerera Scholastica analira, anthu akuona. “Adadi, ndinakuuzani kangati? Nyumba yokhayo imene inatsala, mwaiponda ndi saluti!” Ine ndinati munthu wopereka mphatso salakwa. Kuyambira tsiku limenelo chakudya amandiikira patebulo ngati akuikira mlendo wa ku resitihausi, ndipo foni ija sinalire.

Lamulungu la sabata yapitayo titatuluka Misa ndinawakokera pambali Abambo Benedict kuti andiuze chimene ndinalakwa. Anaseka mpaka kupukuta misozi. “Madala,” anatero, “tulutsani ndalama yachitsulo m'thumbamo. Mutu wa mfumu mukuuona?” Ndinayang'ana, panali zeze. Anandifotokozera kuti anthu a kuno analamulidwa ndi Angelezi nthawi yaitali kuposa ife, kuti minda yawo inalandidwa, ankalipira lendi pa dothi la makolo awo, ndipo wolephera ankamutulutsa n'kumugwetsera nyumba.

Achemwali, tamverani. Imeneyo si thangata? Inu munali wamkulu, mukukumbukira bwino kuposa ine. Bambo atadwala chifuwa n'kulephera kukagwira thangata kuesiteti, akapitawo anabwera, anatulutsa mphasa ndi miphika panja, n'kuyatsa denga. Inu munandibereka kumbuyo ngakhale ndinali wamkulu kale, kuti ndisapse mapazi. Nkhani imeneyi ana anga sindinawauzepo. Ndinkawauza za makeke amene ndinkaphikira bwana Ellard. Taonani, Scholastica waimitsa cholembera akundiyang'ana. Lemba, mwana iwe, sindinamalize.

Chimene chikundikwiyitsa n'chakuti palibe anandiuza molongosoka. Kumangoti kuno si ku Mangalande, kuno si ku Mangalande, ngati nyimbo. Akanati Adadi, awa ndi anzathu a thangata, ine ndikananyamula chitini cha Mfumukazi? Ndine wamisala?

Dzulo Scholastica ali kuntchito, ana ali kwa anzawo, ndinavalanso jekete lija. Ndinakwera Luasi, kasitima koyenda mumsewu, mpaka m'tauni, kenako sitima yaikulu, ndikufunsa aliyense kuti Skerries, Skerries. Mphepo ya kunyanja inangotsala pang'ono kundilanda chipewa. Ndisanagogode n'komwe ndinaona chitini changa pakhonde, muli zopanira zovala pachingwe. Chitini chimene ndinachisunga m'sutikesi zaka zonsezi!

Mayi Nuala atatsegula anadabwa, koma anandilowetsa. Sindinapepese, chifukwa sindinapite kukapepesa. Ndinangoloza chithunzi cha agogo awo, n'kudziloza pachifuwa. Ndinawauza ndi Chingelezi chothyokathyoka, manja akuthandiza, kuti bambo anga nawonso anali ndi nyumba pamunda wa Mngelezi, anadwala, sanagwire ntchito, moto. Ndinati kwathu timati thangata. Anandifunsa tanthauzo lake. Ndinati mawuwo poyamba ankatanthauza kuthandizana, koma azungu anawatenga n'kuwasandutsa lendi. Mayiwo anati makolo a amayi awo anagonapo m'ngalande ya pamsewu, nyumba yawo itagumulidwa iwo akuona. Anayesa kutchula mawu athu aja, amvekere “tangata,” ine n'kuwakonza, iwo “tangata” basi. Tinaseka.

Anafula tiyi wanga uja mu tiipoti, osati za m'timatumba, ndipo anavomera kuti chiyambire sanamwepo tiyi wotere. Pamenepo ndinawauza maganizo anga pa za nduna za ku London, ndipo Achemwali, mayi aja amawanyoza kuposa ine! Potsanzikana anati anakhumudwadi tsiku lija, ndipo mwana wa mlongo wawo akuwakakamiza kuti nyumbayo ipite kwa olipira zambiri, koma sanapatse munthu. Anati uzani mwana wanu andiimbire sabata ino isanathe.

Scholastica waponya cholembera. Akuti, “Adadi! Chiyambire dzulo muli chete ndi uthenga umenewu?” Ndamuyankha kuti munthu amene sakundipatsa moni ndikanamuyamba bwanji? Ndamuuza kuti timalize kaye kalata, wakana, wathamangira kuchipinda ndi foni.

Wabwera. Akuti Mayi Nuala anena kuti Loweruka tipite ndi ana akasankhe zipinda. Wandigwadira monga ankachitira ali mtsikana, wandifunsa ngati ndimwe tiyi. Ndamuuza kuti kholo salifunsa, amangofula.

Tsopano zopempha zanga ndi ziwiri. Mukamva za munthu wobwera kuno, mumupatsire tiyi wa masamba, wabwino, womanga m'pepala wamba lopanda chithunzi cha munthu aliyense. Ndi wa Mayi Nuala. Chachiwiri, mukapita kukalambula kumanda, muime pa bambo. Muwauze kuti thangata inawalanda nyumba, koma dzina lake lapezetsa denga zidzukulutudzi zawo kutsidya kwa nyanja. Muwauzenso kuti Fredson sanaiwale utsi uja, ankangouopa.

Moni kwa Joel ndi akazi ake, kwa alamu, ndi kwa onse a ku Limana. Tisungane ndi Jared akuti moni, m'Chingelezi, koma ndi moni ndithu. Inu Achemwali, msana umene unandibereka tsiku lija muziusamala, musamanyamule nkhuni nokha.

Adiresi yatsopano tikutumizirani tikalowa. Koma chonde, pa envelopu musadzalembenso Mangalande monga munachitira ulendo watha. Kuno si ku Mangalande. Anthu ena kumva kumakuvutani.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani,
Fredson Nakoma