Mapiko a M'kope Lanu

14 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo ntchito ya kugalaja ikuyenda. Kuno tonse tili bwino, kungoti ine mtima suli m'malo. Kalata ino ndi yachitatu, ziwiri ndang'amba.

Kusukulu kuli mpikisano wopanga mapiko a makina opangira magetsi ndi mphepo. M'holo amaikamo fani yaikulu, gulu lililonse n'kumangirira mapiko ake pa kadayinamo, kamakina kopereka magetsi ku babu, ndipo amene babu lawo lawala kwambiri ndiwo apambana. Ine ndili ndi mnzanga wolongolola uja timamuti Wayilesi. Mapiko athu oyamba anali a katoni, anangonjenjemera osazungulira. Titayesanso, phiko limodzi linathothoka n'kukagwera pamapazi pa ahedi. Holo yonse inafa nalo phwete.

Tsono nkhani yake ndi iyi. Ndikufunafuna sowo m'chipinda chanu, ndinapeza kope lanu la Fomu 3. Munajambulamo mapiko atatu opotoka, otambalala kutsinde, owonda kunsonga. Ndinakopera zonse, ndi miyezo yomwe. Tinadula paipi ya pulasitiki, ndipo Lachisanu la sabata yatha, pa ndime yoyamba ya mpikisano, babu lathu linawala mpaka Wayilesi kusowa chonena, koyamba chibadwire.

Mayi wina mwa oweruza anandifunsa kuti, "Kupotoza kotereku anakuphunzitsa ndani?"

Ine ndinati, "Ndinangoganiza ndekha."

Achimwene, ndinanama. Chiyambire tsikulo ndikungozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Dzulo ndinalephera kupirira, ndinakaulula kwa aphunzitsi a sayansi. Iwo anati, "Kuphunzira kwa mnzako si mlandu, mlandu ndi kumubisa. Tikuchotserani mamalikisi khumi. Ndipo mwini kopeyo alembe kuti wavomera, apo ayi kundime yomaliza simupita." Wayilesi mpaka lero sakundiyankhula.

Ndiye chonde, yankhani pasanafike pa 28. Dzina lanu ndidzalilemba pamwamba pa lathu. Mukakana sindikuimbani mlandu, pakuti ndikukumbukira mmene munachokera pakhomo pano, bambo atakuuzani kuti mutu wanu ndi wa zidole basi, sukulu mungoisiya.

Amayi akuti moni wambiri, ndipo akufunsa ngati mukudya mokwanira. Bambo sanapereke moni, sindikunamizani. Koma kope lija ndinawaonetsa. Anavala magalasi, n'kumatsegula tsamba limodzilimodzi pakhonde mpaka tiyi wawo kuzizira. Kenako anati, "Nanga bwanji mwanayu sanandionetse zimenezi?"

Amayi anati, "Anakuonetsani."

M'mawa uno, ndikuvala nsapato, bambo anaima pakhomo n'kunena akuyang'ana kumbali kuti, "Ukamamulembera mchimwene wakoyo, umuuze tsiku la mpikisano. Ndi nthawi yake yomwe."

Ndi Loweruka pa 5 Julayi, 9 koloko m'mawa.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
amene akudikira.