Patebulo Pomwe Aliyense Amalavula

Wokondedwa mwana wanga woyamba,

Ndine bambo ako, nkhalamba ya zaka 78, amene ndagwira cholemberachi. Ukudziwa kuti sukulu sindinaipondeko. Zilembo anandiphunzitsa malemu mayi ako titakwatirana kale, ndiye pomwe papindika uwongole wekha. Ndalemba ndekha chifukwa nkhaniyi sindikufuna idutse m'khutu la munthu wina.

Kaya muli bwanji kumeneko, iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu? Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno mlongo wako ali bwino, mlamu wakonso ali bwino. Galu ndiye ali bwino kuposa tonse, wanenepa mpaka khosi kusowa. Za galuyo usaiwale, ndibwererako.

Ntchito ya mlongo wako yokazinga khofi yayamba kuyenda. Makina okazingira aja anawaika m'chipinda chakumbuyo momwe munkasunga njinga zanu. Akayatsa, nyumba yonse imanunkhira, mpaka zovala pachingwe. Khofi wake si uja wa m'chitini tinkamwa ndi mayi ako. Uyu amabwera wosakazinga, wobiriwira, m'timatumba, kathumba kalikonse ka munda wake, ndipo akuti kalikonse kali ndi kakomedwe kakekake.

Lachisanu lililonse m'mawa kumabwera anthu kudzalawa, anzake okazinga ndi eni malo omwera khofi. Amandandalika makapu patebulo lalitali, kuikamo khofi wogaya, kuthira madzi otentha, nkudikira. Kenako aliyense amatenga supuni, kutunga pang'ono, kukoka ndi mlomo mwaphokoso, kuzunguza m'kamwa, nkulavulira m'kapu ina. Sameza ayi. Akuti ukameza makapu onsewo mtima umathamanga.

Tsiku loyamba ndinawaseka. Ndinati anthu akuluakulu, ovala bwino, kumalavula ngati ana okana mankhwala. Mmodzi mwa iwo, amene timamutcha Chindevu, mwini malo omwera khofi pafupi ndi pokwerera mabasi, anandipatsa supuni kuti nanenso ndilaweko. Iwo ankati kapu iyi ikumveka maluwa, iyo zipatso. Ine ndinati yakumapetoyo ikumveka chingwe chonyowa. Chindevu anaseka mpaka misozi kulowa m'ndevu, akuti madala, kapu imeneyo ndiye yapamwamba pa onsewa. Kuyambira pamenepo amanditcha a Chingwe, ndipo supuni yanga anaikhomera msomali wake pakhoma.

Tsopano khala pansi, mwananga.

Chakudya chinasiya kutsika. Inayamba kukana ndi nyama, kenako buledi. Chimafika apa pachifuwa nkuima, ngati chapeza chitseko chokhoma. Pano chimene chimadutsa ndi phala lamadzimadzi, pang'onopang'ono, ndipo masiku ena nalonso limabwerera. Mlongo wako ndinamuuza kuti mano akuvuta, ndikuchita manyazi kutafuna pagulu, ndizidyera kuchipinda. Mbale imabwerera yoyera, iye nkumakondwa kuti bambo akudya. Amene amadya ndi uja galu. Lamba ndaboolanso ndi msomali, ndipo jekete sindivula ngakhale kutenthe bwanji.

Kuchipatala ndinapita ndekha, ndinanamizira kukameta. Adokotala anandiunika, akuti muli chotupa m'njira ya chakudya, ndipo chakula. Anandifunsa ngati ana ndili nawo. Akuti ndibwerenso ndi wachibale, pali zoti atiuze tili awiri. Ndakhalitsa padziko, ndikuzidziwa nkhani zimene amauza anthu awiri.

Ndiye uone chimene Lachisanu lija linasanduka kwa ine. Linali tebulo lokhalo pomwe ndinkakhala ndi anthu ngati munthu. Aliyense akulavula, nanenso ndikulavula. Palibe wondiyang'ana pakhosi. Lilime langa likadali ndi moyo, limamva kuwawa, limamva kutsekemera, ndipo ndinkachoka pamenepo ngati munthu amene wadya.

Masiku apitawa Chindevu anavomera kuti azigulitsa khofi wa mlongo wako pamalo pake, ndipo anatiitana tonse. Malowo ndi aang'ono, mipando yachitsulo, zenera lalikulu loyang'ana mabasi. Mlongo wako anakonza kapu yoyamba ndi manja ake, kuthira madzi mozungulira, mosapupuluma, monga amachitira. Anabwera nayo kwa ine pamaso pa anthu onse. Anati kapu yoyamba ndi ya bambo, amene anandipatsa chipinda osafunsa kanthu. Chindevu amvekere lero kulibe zolavula a Chingwe, lero mumeze, pansi pano ndakolopa ndekha. Anthu anaseka.

Ndinayang'ana uku ndi uku, kapu yolavulira panalibe. Ndinamwa. Ndinamusunga m'kamwa khofiyo, ndikupempha khosi kuti lero lokha litseguke. Mlongo wako ali chiimire, akundiyang'ana ndi maso aja a mayi ako. Ndinameza. Khofiyo anafika pachitseko paja nkubwerera, m'kamwa ndi m'mphuno momwe, pa malaya oyera amene mlongo wako anandisitira, patebulo, mpaka pa nsapato za mayi wina wodzagula.

Mlamu wako anayesa kuphimba ndi nthabwala, akuti madala azolowera za Lachisanu. Palibe anaseka. Wina anafunsa mnzake chapansipansi ngati khofiyo ndi woipa choncho. Mayi wa nsapato uja anasiya kapu yake yosamwa nkutuluka.

Pobwerera, ine ndi mlongo wako tinafika pageti. Pamenepo anati, bambo, ngati sanakukomereni mukanandinong'oneza, osati kundivula pagulu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma ndinakumbukira. Mayi ako atadwala, ndi mwana ameneyu anasiya ntchito nkukhala pambali pa bedi mpaka tsiku lomaliza. Iwe unali kutali, sindikukuimba mlandu. Koma ine ndinaona zaka zimene zinadutsa asanayambenso kuseka. Ndikamuuza lero, mawa makina aja azima, ndipo sindikhulupirira kuti adzayakanso. Ndiye ndinangoti pepa mama, anali wotentha.

Anati sanali wotentha, anadikira dala kuti azizireko chifukwa amandidziwa. Analowa m'nyumba.

Lachisanu lapitali sanandiitane. Ndinakhala kuchipinda, ndikumva masupuni ndi phokoso la milomo kuseri kwa khoma. Ndinamva Chindevu akufunsa kuti a Chingwe ali kuti lero, mlamu wako nkuyankha kuti akupuma. Madzulo ndinakasuzumira. Msomali uli wokha. Supuni yanga ndinaipeza kukhitchini, pamodzi ndi masupuni a shuga.

Mwananga, pempha tchuthi kuntchito ubwere. Upite nane kwa adokotala, ukhale munthu wachiwiri uja. Tikabwerako tidzamuuze mlongo wako tili limodzi, ndipo iwe udzanene ndi pakamwa pako kuti ulendo uno wodwazika ndi iwe, iye asazimitse makina. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu wolemera, uli ndi banja lako. Koma iye anasenza kale wake.

Usamuimbire foni. Sutha kubisa kanthu iwe, mawu ako amanjenjemera, unatengera mayi ako. Ndipo usati udikire tchuthi cha ana. Lamba uja malo oboola atsala pang'ono kutha.

Ngati ungandipeze mawu atandithera, udzamuuze ichi m'malo mwanga. Khofi uja anali wokoma. Pa anthu onse anali pamenepo, palibe amene anamusunga m'kamwa nthawi yaitali kuposa ine. Sanamveke chingwe ayi. Anamveka ngati uchi wopsererako pang'ono, ndipo ndinkafunitsitsa kuti atsike.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, ndipo adzukulu uwauze kuti agogo akuwakumbuka, za matenda usawauze. Mulungu akusungeni nonse, akuyendetse bwino panjira.

Undiyankhe msanga. Kalatayo uitumize kwa wometa uja wapangodya, osati kunyumba kuno. Ndizipita kukafunsa, ngakhale tsitsi loti nkumeta ndilibenso.

Ndine,
Bambo ako