Nsapato Zimene Ndinawagulira Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, koma mtima suli m'malo.

Tisanapite patali, tigwirizane zinthu zitatu. Choyamba, Bambo sabwera Loweruka monga tinapanganira, ndiye musatume munthu kokawachingamira. Chachiwiri, Amayi musawauze kaye, mukudziwa mtima wawo. Chachitatu, musandikalipire mpaka mutafika kumapeto.

Bambo ali ndi bala kuchidendene chakumanzere, ndipo wawavulaza ndine.

Mukukumbukira chingwe chija munanditumizira mutayeza phazi lawo, kuti ndiwagulire nsapato? Ndinachiyala patebulo la kuntchito pomwe ndimajambulira mapulani a nyumba, n'kuchiyeza ndi rula. Kusitolo ndinasankha nsapato zakuda zachikopa zofanana ndendende ndi chingwecho, ndipo ndinadzitama kuti sindinaphonye. Sizinandifikire m'mutu kuti phazi si khoma, munthu akayenda limatupa.

Bambo atafika kuno kudzapimitsa maso, nsapato zawo zansalu zija zobooka pachala ndinapatsa mlonda wa pageti. Ndinkachita nazo manyazi, Achemwali, poganiza kuti anzanga akuntchito adzati chiyani. Bambo anavala zatsopanozo n'kumagogoda simenti pabalaza, amvekere tsopano akuoneka ngati munthu wobereka injiniya.

Tsiku lopimitsa maso tinatuluka msanga kuchipatala, ndiye ndinati tisakwere minibasi, aone tawuni. Ndinawadutsitsa pamsika, pamlatho wa oyenda pansi, mpaka kunyumba yosanja imene ndinajambula nawo. Chikepe chinali chitafa, tinakwera masitepe. Njira yonse wolankhula ndinali ine, kuloza zipilala ndi mawindo. Akatsalira m'mbuyo ndinkayesa akusirira. Nditawafunsa ngati nsapato zikuthina, anati nsapato yogula mwana siluma, imangopereka moni.

Mukudziwa kuti shuga uja anawachititsa dzanzi mapazi, samva kupweteka msanga. Inenso ndimadziwa. Si ndine amene ndimakutopetsani pafoni ndi za mapiritsi awo? Tsiku limenelo ndinakumbukira ambulera, madzi akumwa ndi kabuku kakuchipatala, koma mapazi awo sindinawayang'ane.

Matuza anatuluka kuzidendene zonse ziwiri ndi pakachala kakang'ono. Iwo anabisa. Anawaboola ndi singano ya mkazi wanga, mlamu wanu, n'kumata thonje, m'mawa mwake n'kuvalanso nsapato kukagula nyuzi. Zinaululika mlamu wanuyo akuchapa, atapeza sokosi itauma gwa ndi magazi. Anangobwera n'kuiika pamapepala anga.

Tinathamangira kuchipatala. Anamwino atatsuka anati lakumanja lipola, koma bala lakumanzere lalowa mkati. Akuti asavale nsapato yotseka, asayende, ndipo azibwera kudzatsukitsa. Kenako anandikokera pakhonde n'kundiuza kuti likafika pafupa, adokotala ayamba kukamba zodula phazi. Nditawafotokozera Bambo, anaseka, amvekere anapondapo minga ndi misomali koma phazi likadalipo, ndiye angaope kathuza?

Panopa m'mawa uliwonse ndimawamanga bandeji ndisanapite kuntchito, mwendo n'kuusanjika papilo. Masana ndimaimbira mlamu wanu kuti ayang'ane ngati bala lasintha mtundu, mpaka wayamba kundidulira foni. Ndinawagulira patapata zofewa, akukana, akuti iwo si munthu wopita kubafa tsiku lonse. Ndinapita kwa mlonda uja kukapempha zansalu zija, nkhope ili pansi, koma anati anatumiza kale kwa m'bale wake.

Dzulo ndinawapeza atakhala pabedi, akukankhira phazi labandeji m'nsapato muja, thukuta lili kamukamu. Ndinawalanda n'kuziponya pamwamba pa kabati. Iwo anati iwe Nkhawa, unapereka ndi dzanja lamanja, lero ukulanda ndi lamanzere? Akuti akufuna akatsike basi atazivala, anzawo aone zimene mwana wawo anawagulira. Achemwali, ndinatuluka panja kuti asaone misozi. Phazi likuwola chifukwa akundinyadira.

Tsopano akuti Loweruka anyamuka, ndiwaperekeze kapena ndisawaperekeze, njira ya kudepoti ndinawaonetsa ndekha. Kwanuko chipatala chili kutali, ndipo mukudziwa kuti akafika sangakhale pansi. Ine sandimvera. Akuti ndinabadwa ndikudandaula, ngakhale mzamba anatopa nane. Koma inu mukakweza mawu amakhala chete.

Chonde aimbireni, kapena bwerani ngati alamu angatsale ndi ana. Auzeni akhale mpaka anamwino atawalola. Alonjezeni kuti nsapatozo tikazikulitsa kwa wosoka nsapato, adzavala phazi likapola, ndipo tsiku limenelo mudzawachingamira nokha. Akafunsa wolakwa, nenani kuti ndine. Chingwe chanu chinalibe vuto.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo Amayi muwauze kuti maso a Bambo apezeka bwino, zimenezo n'zoona.

Yankhani msanga, Achemwali, musadikire kuti mkwiyo uthe. Loweruka layandikira, kabatiyo si yaitali kwenikweni, ndipo m'mawa uno ndawaona akukokera mpando kufupi.

Ine mlongo wanu,
Nkhawa