Mbuzi Zisanu pa Bwalo la Mpira

Lolemba, 5 Juni 1995

Profesoro Vitorino, mphunzitsi wa ana pa shikola yathu, wangochoka kumene. Wakhala pampando wanga, wamwa thobwa langa makapu awiri, kenako n'kundiuza kuti mdzukulu wanga Talandira akudwala. Mankhwala ake ati mpira. Mpira! Zaka zisanu ndi chimodzi ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi ndinaona mankhwala a kolera, a mphere, a njoka zam'mimba. A mpira ayi.

Akuti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sathamanga, sadzutsa mutu, ku shikola sayankha. "Madala, mwana uyu amayenda ngati wataya singano." Eya. Ndinamuphunzitsa ndine, ndi kamtengo. Chibwerere kuno lamulo ndi limodzi: ponda pomwe ndaponda. Augusto, mnzathu amene tinabwerera naye limodzi, sanamve, anapatuka panjira kukaona mango a mayi ake, mina, bomba lomwe asilikali anakwirira pansi, inamudya mwendo. Talandira ali nayo yonse iwiri. Amake tinawasiya m'manda ku kampu. Wina ndilibe.

Lachinayi, 8 Juni

Ndamulola. Osati chifukwa cha profesoro. Ivone, mkazi wanga, wanditopetsa ndi pakamwa.

Ndinakaonera, nditaima panjira. Mpira wake mapepala a pulasitiki okulunga ndi ulusi wa ukonde. Magoli nsungwi. Ana makumi awiri kulimbirana zinyalala. Mtendere tinkaulirira uja ndi umenewu.

Wangayo? Wasankha mnyamata mmodzi n'kumamulondola pambuyo, phazi pa phazi. Wa timu inayo! Mpira unamudutsa m'miyendo, iye maso pansi, kufuna mapazi a mnzake. Amupatsa kale dzina: Ngolo. Ndinaseka. Kenako ndinaleka.

Loweruka, 10 Juni

Lero anamuika pagoli. Waima ngati mtengo wa chinangwa. Zigoli zisanu ndi ziwiri.

Profesoro akuti mpira umakulitsa mapapo, umalimbitsa mafupa, umaphunzitsa mwana kuganiza msanga ndi kukhulupirira anzake. Kuwerenga waphunziradi, wafika pa zisanu ndi ziwiri.

Pobwerera anali pambuyo panga monga mwa masiku onse. Ndinamva akufwenthera. Wati sapitanso, kumpira ngakhale ku shikola.

Lachiwiri, 13 Juni

Masiku awiri mwana ali pakhomo. Profesoro wabweranso. Thobwa sindinamupatse.

Akuti bwalo lija anthu a makina ofunira mina analifufuza chaka chatha, mulibe kanthu. Mwana anauzidwa koma sakhulupirira makina, amakhulupirira mapazi anga. "Munatseka ndinu, madala. Katseguleni." Akufuna ndikayende pabwalo lonse mwana akuona.

Kulankhula n'kosavuta munthu ukabwera pa chapa, kaminibasi kaja, kuchokera ku Insaca, nsapato zopolisha.

Izi ndilemba muno mokha. Ine amene zaka ziwiri sindinapondepo pomwe sipanapite munthu. Ndikakhala paulendo, ngakhale kukodza ndimakodzera panjira. Makinawo sindinawaone. Mwendo wa Augusto ndinauona, ndinanyamula ndine.

Lachisanu, 16 Juni

Ndabwereka mbuzi zisanu za mayi Mastura. Ndinati kuli msipu wabwino ku shikola. Ndinaima m'mphepete n'kumaponya madeya, uku ndi uku, mpaka zayendera bwalo lonse, ngodya ndi ngodya. Zalowa zisanu, zatuluka zisanu.

Wina anakawauza. Abwera chitenje chili m'manja. "A Domingos, mbuzi yanga ya bere mwaisandutsa msilikali? Ikanaphulika mukanabereka ndinu!" Mudzi wonse wamva.

Profesoro naye akudandaula manyi a mbuzi pabwalo. Munthu wosayamika. Makina ake anasiya manyowa?

Lolemba, 19 Juni

Ndayenda.

M'mawa, ana asanabwere. Mzere ndi mzere ngati ndikulima, Talandira pambuyo. Thukuta, mwezi wozizira uno. Amayi opita kuchitsime anatula zidebe kuti aseke bwino. "A Domingos alowa timu! Ngolo yabwera ndi ng'ombe yake!"

Titafika pakati ndinaima. Ndinati dutsa, tsogola. Wakana. Ndinati tsogola iwe. Wandiyang'ana, kuyembekeza kamtengo. Ndinamuonetsa manja, mulibe.

Phazi limodzi. Kudikira. Lina. Pomwe sindinapondepo. Pakamwa pankafuna kukuwa kuti bwerera. Ndinaluma lilime. Wafika pansungwi, wazigwira, watembenuka.

Ine ndinali nditakhala pansi. Ndinamuuza kuti ndi minga.

Lamulungu, 25 Juni

Tsiku la ufulu. Mbendera, zolankhula zazitali, kenako mpira ndi ana a kunyanja, aja okula ndi kupalasa bwato. Atidya zinayi kwa duu. Profesoro akuti tasewera bwino. Anthu ophunzira ali ndi masamu awoawo.

Talandira wathamanga. Moipa, ngati bakha, koma wathamanga. Mpira waukhudza katatu, kawiri anapatsira adani. Wagwa, bondo lasupuka, wadzuka osayang'ana n'komwe pomwe wagwera. Nthawi ina mpira unagwera kutchire kuseri kwa goli, kosafufuzidwa. Kamwana kena kanautsata. Amene anakagwira malaya ndi wangayo, akukuwa mawu omwe sindinkadziwa kuti ali nawo: "Uko ayi! Bwalo lathera apa!" Anakautola ndi nsungwi yaitali, ataima pamzere.

Ndiye mutu ulimo. Sindimuuza profesoro, angatupe.

Tsopano pakhomo palibe mtendere. Chifikire akulongolola, woimbira anakondera, goli yachitatu inali ya dzanja, Juma sapatsira anzake. Wandifunsa ngati ndinayamba ndamenyapo mpira. Ndati ine ndinkamenya ntchito. Waseka. Kundiseka ine, pakhomo panga.

Ivone akuitana. Akuti mwana watha kale chambo chake, wayamba kuyang'ana changa. Ndipite ndikadye, ndingapeze minga yokha.