Thirakitala Yavina pa Tchalitchi

Bambo a Vania,

Mukaona mikwasa ya matayala pabwalo la tchalitchi musavutike kufunsa anthu, ndine. Mlamu wanu Suzete matenda anamuyamba m'mawa muno inu muli kunazale, ndipo panjinga sakanatha kukwera. Ndinamugoneka pamatiresi m'ngolo n'kuliza thirakitala ya kalabu ija, ulendo wa kuchipatala ku boma.

Pepani, ndinaiwala zomwe mumandiuza tsiku ndi tsiku, zoti ndikatuluka m'matope ndizichotsa giya yokokera matayala onse anayi. Pokhota patchalitchi, pouma gwa paja, chiwongolero chinalimba, matayala akutsogolo n'kumakwekwesa pansi, thirakitala ikudumpha ngati chule. Suzete anakuwa kuti, "Achemwali, mukufuna ndichilire pompano?" Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono mpaka giyayo inamasuka, n'kuichotsa, basi inayenda myaa.

Mwana wabadwa, wamwamuna, wonenepa, ndipo mayi ake ali bwino!

Ndangobwera kudzatenga phala ndi beseni, ndikubwerera pakabaza. Thirakitala ili kuseri kwa nyumba. Muisuzumire kunsi a kalabu asanaione, chifukwa ndinamva kugunda kamodzi ndipo mtima sukukhazikika. Muwaimbirenso a Fabiao kumalire, muwauze kuti asiye kaye zamathiraki, tsopano ndi bambo. Vania ali kwa a neba.

Ndikudziwa mukalipa. Koma mudzakalipire kuchipatala konkuno, mwana ali m'manja, tione ngati mawu atuluke.

Ndine wanu,
Estela